Maso Pansi, Pulofesa Akukwera

Ku ufumu wa Ndinendani anthu sapatsana moni ngati kwina kulikonse. Awiri akakumana panjira, woyamba amafunsa kuti, "Kodi ukundidziwa kuti ndine ndani?" Mnzake amayankha kuti, "Nanga iwe ukundidziwa ine?" Akatero amagwirana chanza, aliyense n'kupitiriza ulendo wake mtima uli m'malo. Kumeneko munthu akhoza kugona ndi njala osadandaula, koma mukangomuitana ndi dzina lake lokha lopanda kanthu kutsogolo, mukaonana kubwalo la milandu. Mfumu yawo, Sakhutamaina, inali ndi maina aulemu ochuluka moti wolengeza kubwera kwake ankasinthana ndi mnzake pakati pa dzina kuti akamwe madzi.

Mwa amisiri onse a mu ufumuwo, amene anatsala opanda udindo anali odula mitengo okha. Palibe anawaganizira, mwina chifukwa chakuti maudindo akamagawidwa pansi, iwo amakhala ali m'mwamba. Wodziwika mwa iwo anali Layisoni Mkwate, amene ankasadza mitengo ya kunyumba yachifumu. Anali munthu woonda, wa mapazi okhakhala, ndipo ankakwera mtengo wa mbawa chingwe chili paphewa, chikwanje m'chiuno, akuimba mluzu. Mkazi wake, Nazimbiri, wogulitsa tomato pamsika wa Tangoonerani, ankakonda kunena kuti anayamba kumuona kunsi kwa mapazi asanamuone nkhope, chifukwa tsiku limene anakumana, mwamunayo anali mumtengo.

Zinthu zinasokonekera ndi mlendo. Mfumu ya dziko la Kwathukulibwino inabwera kudzacheza, ndipo itadya n'kukhuta, anaiyendetsa m'munda wachifumu kuti chakudya chitsike.

"Mitengo yanuyi ndi yometedwa bwino," inatero. "Dokotala wake ndani? Kwathu mtengo sukhudzidwa ndi munthu wamba. Ngakhale papaya ali ndi dokotala wake."

Sakhutamaina analamula kuti katswiriyo aitanidwe. Asilikali anamufuna paliponse pansi, kenako iye anatsetsereka kuchokera pamwamba pa mitu yawo, wopanda nsapato, masamba ali m'tsitsi.

"Udindo wanu?" inafunsa mfumu yachilendo.

"Ndimadula mitengo, bwana."

"Inde, koma ndinu ndani?"

"Layisoni."

Mlendoyo anadikira kuti mwina kukubwera zina. Sikunabwere kanthu. Anatsokomola pang'ono, nduna zake zinabisa pakamwa ndi mipango, ndipo nkhani inasinthidwa n'kukhala ya mvula. Amati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo uyu anameta mfumu ya Ndinendani mpala wopanda madzi.

Alendo atangotembenuka, ng'oma inalira kuitana nduna zonse. Amene anaimirira koyamba anali a Kokomeza, Nduna ya Mitengo, Mithunzi ndi Zinthu Zogwa Zokha, munthu amene sankatha kupempha mchere osayamba ndi mbiri ya dziko.

"Mfumu yanga," anatero a Kokomeza, "tachita manyazi pamaso pa mitundu. Kuyambira makolo athu mpaka lero, mitengo ya dziko lino yakhala ikugwidwa ndi manja osadziwika. Tawerengani nthambi zonse zimene zadulidwa popanda chiphaso. Mwalamulo, nthambi zimenezo sizinadulidwe. Zikadali pomwepo."

Nduna zinaomba m'manja, zina zikuyang'ana pazenera ngati nthambizo zabwereradi.

Lamulo linatuluka tsiku lomwelo. Munthu aliyense wopanda chiphaso asakhudzenso mtengo woimirira. A chiphaso anawagawa monga mwa kutalika kwa mtengo: pansi panali Katswiri wa Mizu, pamwamba pake Dokotala wa Thunthu, ndipo pamwamba pa onse Pulofesa wa Nthambi, yekhayo wololedwa kudula. Aliyense anali ndi mkanjo wake wobiriwira ndi chipewa chotalika molingana ndi udindo.

Panali kavuto kamodzi. Kuti munthu alandire chiphaso ankayenera kuonetsa kuti amatha kukwera mtengo, koma wopanda chiphaso sankaloledwa kukhudza mtengo woimirira. Nduna zinagwira mitu mpaka a Kokomeza anatulukira nzeru. Anagoneka mtengo waukulu pabwalo lachifumu, ndipo olemba mayeso ankaukwera uli chigonere, kuyambira kumizu kukafika kunsonga. Funso lakuti mtengowo anaugwetsa ndani linaletsedwa.

Mayeso ake anali okoma kuonerera. Alamu ake a nduna, amene ankachita chizungulire akangokhala pampando wautali, anafika kunsonga manja ali m'thumba, n'kufunsa ngati kulibe mtengo wina wautali kuposa umenewo. Ophika a mfumu anakhoza. Woliza ng'oma anakhoza. Palibe anagwa n'kuvulala, ndipo a Kokomeza analengeza kuti ngozi za m'mitengo zatheratu m'dziko. Layisoni yekha anatsala pang'ono kulephera, chifukwa anaukumbatira mtengowo ndi miyendo n'kumakwawa ngati mmene anazolowerera, oyesa n'kunena kuti akuchititsa manyazi ntchito. Koma mfumu inkafuna kuti mlendo uja akadzabweranso adzapeze munthu yemweyo ali ndi dzina lotalika, choncho anamukhozetsa. Anatuluka pabwalo ali Wolemekezeka Pulofesa Dokotala Mkwate, Mkulu wa Nthambi Zazikulu, Zazing'ono ndi Zimene Zikuganiza Zophuka.

Tisamunamizire kuti anakakamizidwa. Anakondwa, ndipo anakondwa ngati mwana wovala nsapato koyamba. Munthu amene moyo wake wonse ankaitanidwa kuti "iwe uli m'mwambamo" tsopano ankamutsegulira zitseko. Kunyumba anauza mkazi wake kuti asamamuitane ku chakudya popanda kutchula udindo wonse. Nazimbiri anamvera. Anasiyiratu kumuitana, ndipo Pulofesa anaphunzira kubwera yekha akamva mbale zikulira.

Ntchito yake yoyamba monga Pulofesa inali kusadza mtengo wa mango wa pamsika. Anakwera ali mumkanjo, anthu onse atasonkhana pansi. Mphepo inabwera, mkanjo unatambasuka, ndipo msika wonse wa Tangoonerani unaonadi. Kabudula wa Pulofesa anali yemwe uja wa masiku a umphawi, wong'ambika kumbuyo. Amayi ogulitsa nthochi anaseka mpaka kugwirana, ndipo pofika madzulo nkhani inali itafika kunyumba yachifumu ili ndi nyimbo yake.

Mfumu inaona kuti vuto silinali kabudula ayi, koma maso a anthu. Lamulo lachiwiri linatuluka. Munthu wa udindo asaonekenso ali m'mwamba, ndipo akaoneka avulidwe mkanjo. Womuyang'ana kuchokera pansi nayenso ndi wolakwa: akakhala wa mkanjo avulidwe, akakhala munthu wamba asadzakhalenso pamthunzi moyo wake wonse.

Apo ndiye mitengo ya ku Ndinendani inapuma. Odziwa kukwera koma opanda chiphaso sankaloledwa kuikhudza, ndipo ololedwa kuidula sankaloledwa kukwera. Apulofesa ankakhalira misonkhano yokambirana za nthambi, n'kumadya. Layisoni anatuluka mimba, khosi linalowa m'mapewa, ndipo mapazi ake anafewa m'nsapato.

Pamsika anthu anazolowera msanga, monga amachitira anthu amene aona zambiri. Mango akapsa ankangoyala mphasa pansi n'kumadikira. Wogulitsa makala anadzilembera chikwangwani chakuti Dokotala wa Mitengo Yomwalira, ndipo makala ake anakwera mtengo tsiku lomwelo. Mbuzi ina inagwidwa ikudya makungwa popanda chiphaso. Itapezeka kuti ndi ya msuweni wa nduna, anaiyendetsa pamtengo wogona uja n'kubwerako ili Katswiri wa Mizu.

"Mnzanga, uli ndi mwayi," mayi wogulitsa anyezi anauza Nazimbiri. "Wakwatiwa ndi Pulofesa."

"Mwayi waukulu," anayankha Nazimbiri akupanga milu ya tomato. "Kale ndinali ndi mwamuna wobweretsa nkhuni. Pano ndili ndi wondifotokozera kumene nkhuni zimachokera."

Akanaseka mpaka kalekale pakanapanda mtengo wa pakhomo pawo. Pabwalo la Layisoni panali mbawa yaikulu, ndipo nthambi yake imodzi, yonenepa kuposa chiuno cha munthu, inadutsa pamwamba penipeni pa denga. Chaka chimenecho nthambiyo inauma, inang'aluka pamene imalumikizana ndi thunthu, ndipo mphepo ikawomba inkalira ngati chitseko chakale. Mvula yoyamba, ija yobwera ndi chimphepo, inali pafupi.

M'nyumba momwemo munali Esinta, mwana wawo wamkazi, amene anali atangochira kumene. Uchembere wake unali wovuta moti sankatha kuimirira, ndipo khanda linali likadali m'chikuta. Mwambo wa kumeneko ndi wakuti mwana satuluka m'nyumba mchombo usanagwe, ndipo palibe mayi wa ku Ndinendani amene akanalola kuti mdzukulu wake akhale woyamba kuswa mwambowo. Motero khanda silikanatuluka, nthambi sikanadulidwa, ndipo pakati pa ziwirizi panali malata okha.

"Bambo a Esinta, nthambi ija yalira usiku wonse," anatero Nazimbiri m'mawa wina.

"Ndaimva," anayankha Pulofesa. "Malingana ndi maphunziro athu, imeneyo ili m'gulu la nthambi zoganizira zogwa."

"Ndiye muidula liti?"

"Mayi, mukufuna andivule mkanjo? Ndibwerere kukhala Layisoni?"

"Anali ndi vuto lanji Layisoni?"

Pulofesa anavala chipewa n'kupita ku msonkhano, koma potuluka anayang'ana mng'alu uja ndi diso lake lakale, ndipo anadziwa zimene anaona. Mantha anamugwira, koma mkanjo unamugwira kwambiri.

Nazimbiri anasiya tomato wake ndi mnzake n'kupita ku unduna. Anamutumiza kwa Katswiri wa Mizu, amene anati mizu ili bwinobwino. Dokotala wa Thunthu anati mng'aluwo uli m'malire, ndipo nkhani za malire zimafuna nduna. Nazimbiri anakakhala pakhomo pa a Kokomeza akulira mokweza mpaka ndunayo inaona kuti n'kwapafupi kupita kukaona nthambiyo kusiyana ndi kupirira phokosolo.

Anabwera tsiku lotentha, mitambo yakuda itaunjikana kum'mawa. Kunabwera nduna, Apulofesa onse, Madokotala, Akatswiri, ndi woliza ng'oma. Msika wonse unawatsatira. Galimoto ya nduna, yatsopano, anaiimika pamthunzi wabwino kwambiri wa pabwalopo, ndipo akuluakulu anakhala pamipando n'kuyamba kupatsana ulemu. Pomaliza kutchulana maudindo mphepo inali itayamba.

Maganizo anabwera ambiri. Alamu ake a nduna anati nyumbayo isunthidwe. Dokotala wina anati nthambiyo ipatsidwe chenjezo. Wina anati khandalo lipatsidwe chiphaso, kuti nthambi ikagwa ikhale yagwera munthu wovomerezeka. A Kokomeza anayesa kunena kuti mwanayo angotulutsidwa, koma amayi onse a pamsika anawayang'ana nthawi imodzi, ndipo iwo anasintha n'kunena kuti ankangoyesa ngati anthu akumvetsera. Pomaliza anagwirizana zokhazikitsa komiti yoti idzapereke maganizo ake mvula ikatha.

Pamenepo mphepo inawomba mwamphamvu. Nthambi inalira, khungwa linagwa n'kugunda malata, ndipo m'nyumba khanda linayamba kulira.

Nazimbiri anazungulira kuseri kwa nkhokwe n'kubwerako ndi chingwe, chikwanje ndi sowo. Anaziika pamapazi a mwamuna wake pamaso pa onse, anagwada mwaulemu wonse, n'kunena kuti:

"Wolemekezeka Pulofesa Dokotala, ndapeza izi kuseri. Zinali za malemu amuna anga. Anamwalira ndi udindo. Mwina inu mukudziwa wina amene angazigwiritse ntchito."

Layisoni anayang'ana chingwecho, anayang'ana nduna, anayang'ana denga. Khanda linali likulirabe. Anawerama n'kuvula nsapato.

"Pulofesa," anatero a Kokomeza, "mukudziwa lamulo."

"Ndikulidziwa, bwana," anayankha Layisoni. Anakoleka chingwe paphewa, anapinda mkanjo mpaka m'mawondo, n'kukumbatira thunthu.

Phazi lake lachiwiri litangochoka pansi, Nazimbiri anakuwa ndi mawu ake ogulitsira tomato: "Maso pansi! Pulofesa akukwera!"

Mitu yonse inagwa nthawi imodzi. Nduna inayang'ana nsapato zake. Apulofesa anayamba kuonerera nyerere. Zipewa zazitali zinagundana, zina zinagwa, koma palibe anayerekeza kudzutsa khosi. Aliyense ankaukonda mkanjo wake, ndipo a pamsika ankaukonda mthunzi.

Kukwera kwake sikunali kokongola. Mimba inkafika pathunthu iye asanafike, mapazi ofewa aja anasupuka, ndipo m'malo mwa mluzu kunkamveka kupuma kwa munthu wofuna kufa. Koma manja anali akukumbukira. Anafika pamphanda, anaponya chingwe panthambi ya pamwamba, anamanga youmayo, n'kuponya nsonga ya chingwe pansi.

Ntchito imeneyi munthu sagwira yekha. Pansi pamafunika wina wogwira chingwe, woyang'ana m'mwamba, wodziwa nthawi yokoka ndi nthawi yomasula. Nazimbiri anagwira chingwe, anakweza nkhope, n'kuyang'ana. Ankadziwa kuti wogulitsa tomato wopanda mthunzi ndi wogulitsa supu, koma anayang'anabe. Anzake a pamsika anafola kumbuyo kwake atagwira chingwe chomwecho, maso ali pansi, akumvera mawu ake okha.

Layisoni anayambira kunsonga, akudula pang'onopang'ono, zidutswa zikutsika pachingwe kutali ndi denga. Akuluakulu ankangoona nkhuni zikutera mwaulemu pafupi ndi mapazi awo. Kenako panatsala chigawo chachikulu chija. Kuti chisagwere nyumba chinkayenera kukokedwa n'kupita mbali ina, ndipo mbali inayo ndi kumene kunali mthunzi wabwino kwambiri wa pabwalopo.

"Chotsani galimoto!" anafuula Layisoni.

"Wayankhula ndani?" anafunsa a Kokomeza akuyang'ana pansi.

"Sindikuona munthu, bwana," anatero woyendetsa galimoto, amene anali Katswiri Wamkulu wa Chiwongolero. "Ndipo sindingayendetse ndili chiweramire."

Sowo inamaliza ntchito yake. "Kokani," anatero Nazimbiri, ndipo amayi anakoka. Chinthambi chija chinazungulira m'mwamba, chinalambalala denga, n'kukakhala pagalimoto ya nduna ngati munthu wopeza mpando pamaliro. Magalasi anamwazika. M'nyumba khanda linasiya kulira.

Layisoni anatsika, anatambasula mkanjo, anavala chipewa, n'kukaima pamzere wa Apulofesa. Mitu inadzuka. A Kokomeza anayang'ana galimoto yawo nthawi yaitali.

"Waona ndani zimene zachitika pano?" anafunsa.

Palibe anayankha. Woona anali wolakwa, ndipo aliyense ankadziwa zimenezo.

"Mayi inu, munagwira chingwe."

"Ndimafuna kuyanika matewera, bwana," anatero Nazimbiri. "Ine ndine munthu wamba, maso anga amakhala pansi."

Nduna inatembenukira kwa Layisoni, amene anali thukuta lokhalokha, utuchi uli m'nsidze, magazi akutuluka kumapazi.

"Pulofesa, monga katswiri, maganizo anu ndi otani?"

Inali ntchito yabwino kuposa zonse zimene Layisoni anagwirapo, ndipo mtima wake wa Chindinendani unkafuna kuti dziko lonse lidziwe. Anayang'ana chitseko cha nyumba yake.

"Zikuoneka kuti mtengowu wadzisadza wokha, bwana," anatero.

Nkhope ya a Kokomeza inawala. Zinthu zogwa zokha zinali za unduna wawo. Anathamangira kunyumba yachifumu wapansi mvula ikuyamba, ndipo mfumu itamva inavina. Mtengo wodzidula wokha, m'zidutswa zofanana, n'kudzimanga chingwe? Ku Kwathukulibwino analibe wotero. Nthumwi zinatumizidwa kukauza mlendo uja, nduna inapatsidwa galimoto ina ndi dzina lina, ndipo mtengowo anaupatsa udindo wa Pulofesa Wamkulu wa Nthambi, kuposa Layisoni. Anauveka mkanjo pathunthu, chipewa anachiika pamizu poti panalibe wokachiika pamwamba, ndipo Layisoni anaomba nawo m'manja monga wamng'ono pantchito. Kuyambira tsiku limenelo mtengowo suyang'anidwa kuchokera pansi, ndipo odutsa pakhomopo amawerama.

Mchombo unagwa mvula itakhazikika. Tsiku lotulutsa mwana m'chikuta amayi analuluta, Esinta anatuluka akuyenda pang'onopang'ono, ndipo khanda analiika m'manja mwa agogo ake aamuna, amene anakhala pakhonde mapazi ali m'beseni la madzi ofunda. Anthu atabalalika, Layisoni anatsala akuyang'ana kamwanako. Anali wosangalala, koma china chake chinkamudya.

"Mayi a Esinta," anatero potsiriza, "dziko lonse likuti ndi mtengo. Palibe anandiona."

"Ine ndinakuonani."

Layisoni anayang'ana uku ndi uku, kenako anatsitsa mawu. "Ndimaoneka bwanji?"

Nazimbiri anathira madzi ena m'beseni, anakhala pambali pake, n'kukonza kansalu kumutu kwa khanda.

"Mumaoneka ngati Layisoni," anatero. "Ndi kabudula yemwe anali yemwe uja."